Chilombo cha Denzel Chakana Kufufutika

A Severino anafika Lachinayi m'mawa, ine ndikuchapa matewera pambali pa nyumba. Sanagogode. Anangoima pageti chipewa chili m'manja, ngati munthu wobwera ndi uthenga wa maliro.

"Mayi a Tadiwa, mlongo wanu alimo?"

Ku Mufakose kuno palibe amene sawadziwa a Severino. Anagwira ntchito ku fakitale ina ku Southerton mpaka inatsekedwa, ndipo ndiwo mkulu wa dambwe, kumene amuna a gule amasonkhana. Anzathu achishona akangomva ng'oma amafuula kuti zvigure, n'kukokera ana m'nyumba. Ife kwathu ndife opemphera, bambo anga a Eliya ndi mkulu wa mpingo, choncho a Severino timangopatsana nawo moni kumanda. Pageti pathu anali asanaimepo chibadwire changa.

Ndinamuitana Denzel. Anatuluka akuyasamula. Ali ndi zaka makumi awiri, koma ndi woonda moti lamba aliyense amachita kumuboola bowo lina, ndipo mphumu simusiya nyengo yozizira.

A Severino anamuonetsa foni yawo. "Mphwanga wa ku Joni wanditumizira chithunzi ichi. Dzina lili pamwambali ndi lako?"

Denzel anayang'ana. Tulo tonse tinatha.

"Ndi langa, bambo. Koma izi zili pansizi..."

"Iwe sunalowe. Bambo ako sanalowe. Nanga nyimbo imene sitiimba ngakhale pamaso pa akazi athu yafika bwanji pa intaneti, pansi pa dzina lako?"

Sanakweze mawu. Bola akanakalipa.

"Loweruka kuli chiliza kumanda, gule atuluka. Anyamata akwiya, ndipo ine ndawagwira mpaka tsiku limenelo basi. Ndikufuna dzina la amene anakupatsa mawu awa, ndipo ichi chichoke. Zikakanika, mwambo sindinaupange ndine. Amene wadziwa zosayenera kudziwa amatengedwa n'kukalowa, afune asafune."

Anavala chipewa n'kumapita. Ine ndinangoganiza za chifuwa chija, masiku angapo kutchire, mwezi wa Julaye.

"Lowa m'nyumba," ndinatero. "Undiuze zonse bambo asanabwere."

*

Lamlungu lililonse masana, Denzel ndi anzake amakhala pakhonde la kwa Lawson. Ali ndi mapepala, mapensulo ndi madayisi a mbali zambirimbiri. Lawson amasimba nkhani, enawo amakhala anthu a m'nkhanimo, madayisi n'kumaweruza amene wapambana nkhondo. Chaka chimenecho magetsi ankazima tsiku lonse, ntchito kunalibe, ndiye ine ndinkati bola zimenezo kusiyana ndi mowa. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pali webusaiti imene osewera a dziko lonse amaikapo zinthu zimene apeka okha, kuti ena atenge n'kumasewerera.

"Ndinaika chilombo changa masabata awiri apitawo," anatero Denzel. "Ndinangolemba zimene mwana aliyense amaona pamsewu, sisi. Chigoba, nsanza, liwiro. Zinazo ndinangopeka, zoti chimachokera kumoto, chimadya ana."

"Nanga nyimboyo?"

"Si ine. Wina wachilembanso, n'kutulutsa chatsopano chowonjezera pa changa."

Anandipatsa foni. Ine sukulu ndinasiyira fomu thuu, amayi atamwalira, koma kuwerenga ndimawerenga. Pamwamba panali Chingerezi cha Denzel. Pansi panali ndime zitatu za Chichewa chozama, chija amayankhula akuluakulu a kumafamu. Ndinawerenga mzere umodzi n'kuchotsa maso. Denzel Chichewa chake n'chopemphera madzi akumwa basi, zina zonse amamalizira m'Chishona.

"Fufuta."

"Batani lofufutira palibe."

"Usandipusitse iwe. Chinthu unachiika wekha."

"Chikakhala chako chokha ungachisinthe, ungachitaye. Ukangochitulutsa kuti anthu onse aone, basi, ngakhale utulutse china chakalecho chimakhalabe. Eni webusaiti okha ndi amene angachichotse. Ndiponso taonani apa, anthu makumi anayi ndi atatu achitenga kale."

"Alembere eni akewo."

Anawalembera ine ndili chiimire. Yankho linabwera nthawi yomweyo, la makina, loti adzaona pempho lake pakatha masiku asanu kapena asanu ndi awiri. Loweruka linali mkuja.

"Chabwino. Chatsopanocho chinatuluka liti?"

Anatsitsa ndi chala. "Lachiwiri, 6:12 m'mawa."

"Foni inali kuti nthawi imeneyo?"

"Pansi pa pilo wanga."

*

Tadiwa kumbuyo, ndinapita kwa Lawson. Ndinamupeza pakhonde akusoka nsapato yake ndi waya. Lawson ndi mwana wa amayi achishona ndi bambo a ku Dedza, ndipo amayankhula ngati wailesi imene batani lake linathyoka.

"Sisi Effie! Mwabwera kudzasewera? Tili ndi malo a mfiti, mungakwanire bwino."

"Mfiti ndi iweyo. Pasiwedi ya Denzel umaidziwa?"

"Ine? Aiwa. Denzel pasiwedi yake anaiiwala yekha chaka chatha. Amangolowa chifukwa foni yake imakumbukira. Kulowa kwina kulikonse n'kosatheka, ifunika foni yomweyo."

"Ndamva munakangana Lamlungu."

"Tinakangana, inde! Chilombo chakecho chinandiphera anthu atatu m'nkhani yanga, champhamvu mopitirira muyeso. Ndinamuuza kuti achichepetse. Koma kukangana kwa pamasewera, sisi. Aliyense anaseka. Kupatula amuna anu."

"Bambo a Tadiwa anali pano?"

"Anadutsa ndi mwanayu m'manja, n'kuima pang'ono paja. Denzel akufotokoza mmene chimatafunira ana, ife kugubuduka ndi phwete. Iwo duu, kenako n'kuchoka. Anthu a mpingo inu zinthu izi simuzikonda."

Sindinazisamale. Ndinamufunsa za Lachiwiri m'mawa.

"Ndinali pamzere wa petulo, kusungira malo amalume, kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu. Funsani Mufakose yense, ndinali wachitatu kuchokera pa mtengo wa mapeyala. Ndiponso Chichewa chimenecho ine ndingachilembe? Ndi mawu angati ndimadziwa, zikomo ndi ndapita."

Zinali zoona. Ndinakhala pa sitepe n'kumasula mwana kuti ayamwe. Mutu unkangozungulira pamodzimodzi. Foni yokhayo ndi imene ikanalowa, foni inali pansi pa pilo, ndipo wogona pa piloyo sadziwa nyimbo.

"Lawson, wotchi ya pa webusaitiyo ndani amaikonza?"

"Palibe amaikonza. Ndi kompyuta, siyinama."

"Sikelo ya a butchala nayonso amati siyinama. Lembapo chinthu panopa tione."

Anandiyang'ana ngati ndapenga, komabe anatulutsa foni yake n'kulemba mawu amodzi pansi pa chilombo cha munthu wina. Pa foni pake nthawi inali 11:05. Anatsegulanso tsambalo n'kuliyandikiza kumaso.

"Eh."

"Chiyani?"

"Yalemba 5:05 m'mawa. Maiwe! Ikuyendera nthawi ya kwa eni ake, ku Amereka. Ili kumbuyo ndi maola asanu ndi limodzi."

Ndinawerenga pa zala. Si 6:12 m'mawa ayi. Chinthucho chinatuluka 12:12 masana. Ndipo masana alionse foni ya Denzel, monga foni ya wina aliyense mumsewu mwathu, imakhala malo amodzi.

*

Mayi Celestina ali ndi sola ziwiri padenga la shedi yawo pafupi ndi chibhorani, pamene timatunga madzi mipopi ikauma. Amatchajitsa mafoni. Ukawapatsa yako amamata kapepala ka nambala kumbuyo kwake, iwe n'kukupatsa chitsekerero cha botolo cholembedwa nambala yomweyo. Wopanda chitsekerero foni satenga, kaya akhale m'busa. Ndinawafunsa za foni ya Denzel.

"Lachiwiri?" anatero akupukuta tebulo loyera kale. "Anabweretsa m'mawa, anatenga madzulo. Nambala 14. Pano foni sikhudzidwa, mwana wanga. Zaka zitatu, sindinatayepo ngakhale chingwe."

"Simunachokepo?"

"Ndichoke ndipite kuti? Chimbudzi chomwe ndimachita kudikira mwana wanga abwere kusukulu."

"Palibe anaitenga pang'ono, kuti ayimbire wina?"

"Ndati sikhudzidwa. Kapena mwabwera kudzandinyozera bizinesi? Pali anthu pamzere apa."

Panalidi anthu awiri. Ndinapatuka n'kuima padzuwa. Lachinayilo kunali kowala, matewera ndinawasiya pachingwe anali atayamba kale kuuma. Ndipamene ndinakumbukira. Lachiwiri ndinachapa m'mamawa, ndipo pofika madzulo onse anali chinyowere. Kunali mitambo tsiku lonse, ndi kamvula kaja kosamveka kugwa. Tadiwa ndinachita kumukulunga ndi malaya akale a bambo ake.

Ndinadikira anthu aja achoke.

"Mayi, Lachiwiri dzuwa silinatuluke."

Anasiya kupukuta.

"Thewera la mwana wanga linakanika kuuma. Koma foni ya Denzel inabwera yodzaza, ndinamuona ndekha akuonerapo mpira. Sola yanu ndi yamtundu wanji imene imadya mitambo?"

"Pali batire."

"Batire lija munandiuza mwezi watha kuti linafa, mukufuna lina?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kundikokera m'shedi. Mawu anatsika mpaka kunong'ona.

"Musandiphere ana ndi njala, mayi a Tadiwa. Anthu akamva kuti mafoni awo amayenda, mawa pano sipabwera munthu. Kukachita mitambo ndimawaika m'chikwama n'kupatsa munthu wodalirika. Kuntchito kwake kuli jenereta, amakawatchajira kumeneko, n'kubwera nawo akaweruka. Sipanasowepo kanthu."

"Ndani?"

"Ah, inunso. Mukufunsa ngati simukudziwa."

"Ndikanadziwa ndikanabwera kuno?"

Anandiyang'anitsitsa, ndipo nkhope yawo inasintha. Anazindikira kuti sindikudziwadi.

"Amuna anu," anatero. "A Trymore."

*

Kunyumba sindikanafunsa. Timakhala m'kachipinda ka kuseri pa malo a bambo anga, ndipo khoma lake ndi loti ukayetsemula amakuyankha kuti pepa. Ndinasiya mwana kwa mnzanga n'kukwera kombi ya ku Southerton, titapanikizana ngati matumba.

Trymore amanyamula katundu kunyumba ina yosungiramo ufa. Mlonda anakamuitana. Anatuluka ali mbuu kuyambira tsitsi mpaka nsapato, akumwetulira, mpaka anaona nkhope yanga.

"Mwana ali bwino?"

"Mwana ali bwino. Lachiwiri nthawi ya nkhomaliro munali ndi foni ya Denzel."

"Ndinali ndi mafoni ambiri."

"Ya nambala 14. Imene mumadziwa katsegulidwe kake chifukwa mumaonerapo mpira limodzi."

Anayang'ana mlonda uja. Tinasunthira kuseri kwa lole. Anayamba kusasa ufa pa ovolosi yake, pamwendo pamodzimodzi, kusasa, kusasa.

Trymore anakulira kufamu, kufupi ndi Trelawney. Anabwera mutauni ali mnyamata, mafamu atalandidwa, iwo n'kuthamangitsidwa m'makomboni. Pamene ankandifunsira, bambo anga anamufunsa funso limodzi lokha pamaso pa akuluakulu a mpingo. Anati ana a kumafamu ambiri analowa gule, nanga iwe? Trymore anayankha kuti ayi. Pa ayi ameneyo ndi pamene panamangidwa ukwati wathu, ndi kachipinda kaja.

"Munalowa," ndinatero.

"Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri."

"Zaka zinayi ndikugona ndi munthu..."

"Ukanandilola ndikananena? Bambo ako akanandilola?"

Sindinabwerere zimenezo. "Chifukwa chiyani munalemba?"

Anakhala pa tayala. Poyankhula sanandiyang'ane.

"Unawamva Lamlungu? Ayi, sunalipo. Mlamu wanga akuti chimachokera kumoto, chimadya ana, anzake akufa nako kuseka. Effie, bambo anga anamwalira titangothamangitsidwa, tikugona m'mapulasitiki m'mbali mwa msewu. M'busa sanabwere. Bwana sanabwere. Amene anabwera ndi chimenecho, chimene mlongo wako akuti chimadya ana. Chinayenda mtunda wautali kudzavina kuti bambo anga asapite ngati galu."

Lole ina inadutsa, tinadikira fumbi lithe.

"Lachiwiri ndikulumikiza mafoni, yake inayaka, chinthucho chili pomwepo. Ndinawerenga. Mtima unanditentha. Ndinati ndilembe chimene chili, dzina lake lenileni, ntchito yake, nyimbo yake. Ndimati ndichione kamodzi kokha chitalembedwa bwino, kenako ndifufute, ngati mmene timachitira ndi uthenga wa pafoni. Ndinadina batani lalikululo. Pofuna kufufuta, palibe. Ndinafufuza mpaka belu linalira. Usiku uliwonse ndakhala ndikuti mwina palibe aone. Chichewa chimenecho angachimve ndani kunjako?"

"Mphwawo wa a Severino wachimva, ku Joni. Loweruka akudzamutenga Denzel."

Anatseka maso.

"Mupite mukanene," ndinatero.

"Ukudziwa chimene ukupempha? Denzel sanalumbire kanthu, mlandu wake ndi waung'ono. Ine ndinalumbira. Ndipo zikangomveka, bambo ako atitulutsa tsiku lomwelo. Tipita kuti ndi mwana, ku Caledonia, m'chisakasa?"

"Ndiye Denzel apite m'malo mwanu?"

"Masiku atatu okha, Effie. Amusamala. Palibe amafa. Ine ndinapitako ndili wamng'ono kuposa iye."

"Inu mulibe mphumu. Inu simunakhalepo naye pamzere wa kuchipatala akukoka mpweya ngati mluzu, mankhwala kulibe. Ine ndinamubereka kumbuyo mwana ameneyo amayi atamwalira."

"Ndipatse nthawi ndiganize."

"Mpaka mawa 12 koloko. Mukapanda kupita, ndipita ndine."

"Sungachite zimenezo. Ndine bambo wa mwana wako."

Belu linalira m'katimo. Anaimirira n'kulowa, osacheuka. Tsiku limenelo kunyumba sanabwere. Bambo anga atafunsa ndinati wagona kuntchito, njinga yake yavuta.

*

Lachisanu sindinakhale pansi. Ndinasesa pabwalo kawiri. Ndinapita kuchibhorani ndi chigubu chimene chinali ndi madzi kale. Njinga iliyonse ikadutsa ndinkatuluka, poganiza kuti ndi ya Trymore. Denzel anali chogona, akutsegula foni mphindi iliyonse kuona ngati eni webusaiti ayankha. Sanayankhe. Otenga chilombo chija anali atafika makumi asanu ndi mmodzi.

"Sisi, mwapeza chiyani dzulo?"

"Imwa mankhwala ako."

Anyamata awiri amene sindinkawadziwa anadutsa pageti pang'onopang'ono, n'kubwereranso, akuyang'ana zenera la Denzel. 12 koloko inakwana. Ndinawonjezera theka la ola, ndikudziuza kuti mwina njinga yaphwa. Kenako ndinabereka mwana.

A Severino anali pansi pa mtengo wa mango, akukonza msampha wa makoswe. Ndinagwada patali monga ayenera mkazi, koma mawu sindinawazungulitse.

"Bambo, ndabwera ndi zinthu ziwiri. Choyamba, chinthu chija pofika mawa sichichoka. Tawalembera eni ake, ayankha sabata yamawa, ndipo amene anachitenga kale sitingawalande. Ndikanakunamizani, koma mphwanu akanakuuzani."

"Chachiwiri?"

"Denzel sanauzidwe ndi munthu. Sanalembe, ndipo kuwerenga kwake sangathe. Foni inali m'manja mwa wina."

Ndinawafotokozera za wotchi yotsalira, za mitambo, za chikwama cha mafoni. Dzina la mayi Celestina ndinalisiya, iwonso sanafunse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Nyimbo ija," anatero pang'onopang'ono, "ife kuno sitiimba choncho. Mmene yalembedwera ndi mmene ankaimbira kumafamu a fodya. Ndinadziwa kuti si mwana wa m'tauni. Koma a kumafamu kuno ndi ambiri, mwana wanga. Ndikufuna dzina."

Tadiwa anali atagona, mpweya wake ukunditentha pakhosi. Ndinayang'ana kugeti komaliza. Kunalibe munthu.

"Trymore. Bambo a mwana uyu."

A Severino anaika msampha pansi.

"Mlongo wanu agone mwamtendere, palibe amukhudze. Ndikawauza anyamata lero lomwe."

"Nanga amuna anga?"

"Ameneyo ndi wathu. Zimenezo simufunsa." Kenako anawonjeza, motsitsa, "Akanabwera ndi miyendo yake zikanapepuka."

Ndinathokoza n'kuimirira. Nditatsegula geti, njinga inaima patsogolo panga. Trymore, ovolosi yomwe ija ya dzulo, thukuta likutsika m'ufa wa kumaso, tcheni cha njinga chomangidwa ndi waya. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana a Severino kumbuyo kwanga.

"Wanena kale?"

"Ndanena."

Anagwedeza mutu kamodzi. Anatambasula dzanja n'kukhudza phazi la Tadiwa lotuluka m'chitenje, osamudzutsa. Kenako anatsamiritsa njinga pampanda, anavula chipewa, n'kundidutsa kulowa.